Wilo ya Malume ndi Simbi ya Makala

Mwa anthu onse a mtundu wathu, amoyo ndi ogona omwe, palibe anafika patali ndi maphunziro a zamalamulo kuposa ine. Ndinafika mwezi wachisanu wa chaka choyamba. (Kunena chilungamo, kukoleji ndinkaphunzira zamalonda, koma Lachinayi masana kunkabwera mkulu wina kudzatiphunzitsa malamulo, ndipo kawiri konse ndinalipo.) Choncho malume atamwalira, zinali zoonekeratu kuti woyendetsa mapepala a chuma cha masiye ndine. Sindikumbukira amene anayambitsa maganizo amenewo, koma anthu akuti ndinali ine.

Malume anali mphunzitsi. Anawatumiza ku Chitipa kuchokera kwathu ku Ntcheu akadali mnyamata, anakwatira konkuno, n'kumanga nyumba ya malata ku Lufita. Ine ndinkakhala nawo chisiyanirane maganizo ndi koleji. Anasiya mkazi wawo, anti Nachali, ana aakazi awiri a kusekondale, ndi nyumbayo. Anasiyanso mng'ono wawo, malume Gilibati, amene anabwera kudzakhuza maliro koma patatha masabata atatu anali asanapezebe basi yobwerera. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba akuwerenga mapazi.

"Kwathu katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake," ankatero, uku akumwa tiyi wa anti. "Alamu, musadandaule, wogula ndamupeza kale. Munthu wabwino, wa chimanga."

Lachisanu lina anti anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutulutsa pepala m'kathumba ka shuga. Inali wilo, chikalata chogawira chuma cha masiye, yolemba malume okha ndi dzanja lawo lauphunzitsi lija, mboni ziwiri zitasaina pansi. Nyumba ndi ya mkazi wanga ndi ana anga, basi.

"Mwana wane, iwe ndiwe wa sukulu," anatero anti. "Pita nayo kukhoti. Uisunge makora, isaonongeke, nyumba yathu ili pa pepala limeneli."

Munthu wamba akanangokwera kabaza n'kukapereka. Ine si munthu wamba. Ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana kathumba ka shuga, ndipo mtima unandipweteka kuona chikalata cha malamulo chikusungidwa ngati njere za therere. Ndinakhotera pa kashopu kena ka fotokope pa Boma.

"Mundimatire pulasitiki mbali zonse, ngati satifiketi."

"Tiyambe taijambula kaye, bwana?" anafunsa mwini shopu.

"Chikalata chotere sichichulukitsidwa mwachisawawa," ndinamuyankha. (Mawu amenewa ndinawapeka pomwepo, ndipo anamveka bwino kwambiri moti mayi wina amene ankadikira pambuyo panga anagwedeza mutu.)

Wilo inatuluka m'makina ikutentha, ikunyezimira, yolimba ngati chivundikiro cha poto. Ndinalowa nayo kukhoti nditaigwira ndi manja awiri. Kalaliki anali mayi wa magalasi, woonekeratu kuti anaonapo zambiri. Anaitembenuza, anaigogoda patebulo, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Ndi wilo, mayi. Ndaiteteza."

"Mwaiteteza kwa ndani? Kwa ife?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi munthu wodwala, kuti khoti liyenera kuona pepala lenilenilo, inki yake, siginecha zake, ndi kudindapo. Pofuna kuti ndisatsutse, anamenya chidindo pakona. Inki inangokhala timadontho pamwamba, iwo n'kuipukuta ndi chala.

"Mubwere Lolemba ndi mayi amasiyewo ndi mboni zonse ziwiri, akuluakulu adzaone chochita. Koma ndapota nanu, musakayese kumatula nokha."

Ndinavomera mwaulemu. Koma ndili pa kabaza, sayansi inayamba kundilankhula. Chinthu chimene chamatidwa ndi kutentha chiyenera kumatuka ndi kutentha. Ndikanalola bwanji kuti anti amve kuti ndalakwitsa, pamene kulakwitsako kukanatha kukonzeka dzuwa lisanapendeke?

Ndinapeza anti atapita kuchigayo, magetsi atathima. Ndinakoleza makala, n'kuwathira m'simbi, n'kuyala nsalu pamwamba pa wilo. Kona yoyamba inatseguka bwinobwino, moti ndinayamba kuimba mluzu. Nditakoka, pepala linang'ambika pakati m'makulidwe ake, ngati chikondamoyo chokakamira m'poto: mawu ena anapita ndi pulasitiki, ena anatsala. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaona kuti vuto ndi kuchepa kwa moto, ndiye ndinaupemerera.

Ulendo wachiwiri pulasitiki inakwinyika n'kuyamba kufuka. Nditachotsa nsalu, pamene panali mayina a anti ndi ana panali bowo lolowa zala zitatu. Mawu owerengeka amene anatsala anali "Ine" pamwamba, ndi "Mulungu akusungeni" pansi.

Fungo linaitana malume Gilibati.

"Mphwanga, ukuwotcha chiyani?"

Anatola chinthucho, anachiyang'ana kudzuwa, anandiyang'ana ine kudzera pabowo paja. Chifikireni pamaliro ndinali ndisanawaone akumwetulira.

"Sukulu ndi yabwino," anatero, n'kundigwira chanza. Kenako anakakhala pakhonde n'kuimbira foni munthu wa chimanga uja mokweza, kuti oyandikana nafe amve.

Anti atafika ndinawauza zonse, ufa usanatsike pamutu. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho atatu. Iwo anatula beseni, anayang'ana bowo lija nthawi yaitali, n'kungoti, "Yayi, mwana wane." Analowa m'nyumba. Loweruka ndi Lamulungu ana aja ankandipatsira chakudya osandiyang'ana. Wamng'onoyo anandifunsa funso limodzi lokha, ngati kumene tikasamukireko kuli sekondale pafupi.

Lolemba tinapita tonse: anti, ine, malume Gilibati atavala jekete la malemu, ndi mboni ziwiri zija, mphunzitsi wina wopuma ntchito ndi mkulu wa mpingo wochokera ku Chisenga. Nditaika zotsala za wilo patebulo, kalaliki anavula magalasi.

"Ndinati chiyani, achimwene?"

Ndinatsokomola kuti ndiyambe kufotokoza mbali ya sayansi. Ndisanatsegule pakamwa, mkulu wa mpingo uja anapisa m'thumba la mkati n'kutulutsa kathumba ka shuga. Munali wilo ina, dzanja lomwelo, inki yomweyo, siginecha zomwezo.

"Tsiku limene lija tinasaina mapepala awiri," anatero mofatsa. "Malemu anati, limodzi mudzampatse mphwanga wa kukoleji uja kuti asadandaule. Linalo likakhale ku Chisenga, kumene sangafikeko msanga."

M'chipindamo munali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo palibe anaseka, chinthu chimene chinandipweteka kuposa kuseka. Kalaliki anawongola pepalalo ndi chikhatho, n'kumenya chidindo.

"Mwamva kulira kwake? Pepala limalira choncho."

Panjira ndinawafunsa anti chifukwa chimene anandisiyira masiku awiri ndikuwonda, chikhalirecho akudziwa.

"Ukanadziwa iwe, akanadziwanso alamu," anatero. "Komanso kukoleji sunamalize. Ndimati umalizire kuno."

Malume Gilibati anaipeza basi Lachitatu, jekete ali nalo. Mapepala anatenga miyezi ingapo, maulendo ena onse anti anayenda okha, ndipo nyumba ndi yawo ndi ana mpaka lero. Ine ndikadali momwemo, kungoti ndikalowa pabalaza ana amabisa malipoti awo a sukulu.

Pa mfundo yeniyeni sindinagonjebe. Zotsala za wilo yoyamba ndinazisunga, zadutsa madzinja awiri, ndipo mbali imene pulasitiki inatsalira sinanyowepo ngakhale dontho. Ntchito yonse yoyendetsa chuma cha malume inandidyera K1,500, osawerengera makala.