Mwana Wanga Anabwera Kudzayendera Denga

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota mwana wanga wosabadwa uja atabwera kudzayendera nyumba. Musaseke, imitsani kaye bawoyo. Mukudziwa kuti Felesiya, mkazi wanga, ndi woyembekezera, ndipo mwezi wake ndi Okutobala, nthawi imene kuno ku Nchalo ngakhale mbuzi imaponda mchenga monyang'ama. Anandichenjeza kale: "Inu a Zuze, ine sindingabindikire m'chikuta ndi khanda pansi pa malata opanda siling'i. Mukapanda kukhoma mphasa kudengaku, ndikachirira kwa amayi ku Bvumbwe. Mudzationa mvula ikagwa." Ine ndimangoti mawa, mawa, koma mawu amenewo amandidya mumtima.

Ndiye kutuloko ndikuwaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, ndangoona kamwana kakulowa pageti, kovala thewera ndi tayi, kachikwama m'manja. Mphuno yake yanga yomweyi.

"Eni nyumba ndinu?" kanafunsa.

"Ndine, bwana."

"Ndati ndione kumene ndidzafikire. Kumene ndikukhala panopa n'kwabwino, sindingasamuke chisawawa."

Ndiye tinalowa kuchipinda. Mwadzidzidzi malata anatsokomola n'kuyamba kudandaula. "Bwana, mlandu usagwere ife. Dzuwa limatiphika kumsana tsiku lonse, mpweya wotenthawo tiziupumira kuti? Munthuyu tinamupempha kalekale kuti atifunditse kumimba." Fani ili pakona inapukusa mutu uku ndi uku, amvekere, "Ine musandiwerengere. Magetsi akapita ndimapita nawo." Mtsuko wokha ndi umene unandiikira kumbuyo, uli thukuta kamukamu. "Mtima ali nawo wabwino bamboyu," unatero, "manja ndi amene amachedwa."

Kamwana kaja kanatapa chimanga m'chikwama n'kuchiponya kudenga. Chinagwa chili mbuliwuli.

"Ayi, muno simungakhalike. Ndikupita ku Bvumbwe."

Ndiye ndinaliyatsa liwiro, miyendo ikungozungulira ngati kabaza yoduka tcheni, ndangozindikira ndili mu ofesi yoona za miyezi. Ndinagwada pamaso pa bwana wa suti yakuda. "Chonde, mumuchedwetseko Okutobala, ndikhome kaye mphasa." Bwana uja anagwedeza mutu kuvomera. Ndinathokoza. Anagwedezanso. Ndinathokozanso. Mwadzidzidzi mutu uja wasanduka wabuluu, suti yagwa pansi, kani ndi gulo! Anakwera khoma n'kukaothera dzuwa pazenera, akugwedezabe mutu.

Mlembi wake, amene tsopano anali nyenje, anandilirira m'khutu: "Musanamizike, achimwene, amavomera aliyense ameneyo. Okutobala wanyamuka kale, akutsika mapiri pa minibasi."

Ndiye ndinatuluka misozi ili chuchuchu, ndipo ndinapeza kamwana kaja pa siteji kakudikira galimoto ya ku Bvumbwe. Mwadzidzidzi mabango onse a mu Shire anazuka okha, akubwera mumsewu pamzere, akuimba ngati kwaya ya amayi, kwinaku akulukana okhaokha kusanduka mphasa. Ya patsogolo inandigunda paphewa. "Ife tilipo chikhalire, a Zuze. Timangodikira munthu woti akwere."

Ndiye tinabwerera kunyumba, ine n'kukwera kudenga. Makwerero anali msana wa ng'ona, misomali inali matemba ouma, hamala inali chinangwa, koma zinthu zinkalowa bwinobwino. Mphasa iliyonse ikamamatira, malata ankausa moyo n'kunena kuti, "Ambuye akudalitseni." M'chipinda munayamba kuzizira pang'onopang'ono mpaka mtsuko unapempha juzi.

Kamwana kaja kanasuzumira pakhomo. Kanaponyanso chimanga kudenga, ndipo chinagwa chimanga chomwecho, chosaphulika. Kanamasula tayi n'kugona chagada pamkeka, timiyendo m'mwamba.

"Apa ndiye pakhalika. Ababa, chikwamachi mundisungire."

Anzanga, ulendo wonsewu ndinali ine womutchula bwana, iye osanditchula kanthu. Mawu akuti ababa amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinawerama kuti ndikanyamule, ndiye kanatsegula kukamwa n'kuti ngiri! ngiri! ngiri!

Ndinadzidzimuka. Linali belu la njinga panja, mkulu wina wogulitsa mphasa akudutsa. "Mphasa! Mphasa zolimba!" Felesiya anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akupindira matewera m'chikwama cha ulendo.

Ndinatuluka wopanda malaya, wopanda nsapato. Nditabwerako ndi mtolo wa mphasa pamutu, Felesiya anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana kudenga.

"Makwerero ali kwa aneba athu, a Nyakhuwa," anatero. Chikwama chija anachikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

N'chifukwa chake lero sindikhala nawo pabawo pano. Ndani mwa inu ali ndi hamala yeniyeni?