Tsiku Lomwe Ndinazira Khonde ndi Phiri Lonse

Anzanga, mukaona ndikulambalala thumba lolembedwa nambala musadabwe, ndili ndi chifukwa.

Chilimwe chathachi kwathu ku Kasenengwa kunabwera anthu ofufuza miyala, akuti m'phiri la kuseri kwa madimba mwina muli mtovu ndi zinki. Wowatsogolera anali mzimayi, Anti Jere, wa majombo ndi kanyundo m'chiuno. Ine wokulira m'zilape za agogo, ndinkaona ngati phirilo ndi chilape ndipo iwo abwera kudzachimasulira. Ndinkalakalaka atanditenga ngakhale tsiku limodzi, koma kupempha kwake ndiyambira pati?

Madzulo alionse ankatsika ndi timatumba ta dothi n'kusungiza m'kanyumba kathu, kenako n'kukhala pakhonde kumwa thobwa. Khondelo ming'alu yokhayokha, manyazi! Ndiye Loweruka lina, iwo atapita ku Chipata, ndinati ndilizire, aone kuti pano pali mtsikana wodziwa ntchito, mwina n'kunditenga.

Koma kudambo kokumba dothi lozirira n'kutali. Ndinasuzumira m'kathumba kamodzi, mayo ine, dothi losalala, lotuwa, lonyezimira! Ndinati kamodzi kokha adziwa ndani? Kamodziko kanathera pakhomo pomwepo. Kachiwiri kanali kofiirira, ndiye kuti mtundu ufanane ndinathiramo kachitatu, kachinayi, podzazindikira timatumba tonse makumi anayi tili m'beseni. Timapepala ta manambala tomwe tinali m'katimo ndinakolezera moto, timatumbato n'kuchapa bwinobwino n'kuyanika pachingwe. Kulimbikira kwake kumeneko!

Lolemba Anti Jere anafika n'kuima chilili, maso pachingwe, kenako pakhonde.

"Misozi, dothi langa lili kuti?"

"Mwaliponda, Anti," ndinatero, ndikumwetulira ndithu, kudikira kuyamikiridwa.

Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Ananjuta n'kusisita khondelo ndi chala.

"Mwanawe, kathumba kalikonse kanachokera pa dzenje lakelake. Nambala ija ndiyo imatiuza kuti apa pali mtovu, apo palibe. Masabata atatu tikukumba. Tsopano phiri lonse walisakaniza pamodzi ngati phala."

Agogo ali pamphasa anangoti, "Chilape! Wafuna kukwera phiri, phiri latsikira pakhonde."

Yankho la chilapecho linali ine, chiimire pomwepo, matope m'zikhadabo.

Poti mtovu ndi woopsa m'thupi, khonde langa lokongolalo analipala lonse ndi khasu ana asanayambe kusewerapo. Pamene ankapala m'pamene ndinamvetsa kuti dothi nalonso lili ndi kwawo, ukaliiwalitsa komwe lachokera silingakuuzenso kanthu.

Kuphiri ndinapita ndithu. Anti Jere anati, "Poti umadziwa kumasula matumba, tiye ukaphunzire kumanga." Maenje makumi anayi, dzuwa lili pamutu, ine kulemba nambala imodziimodzi, minga m'miyendo, maloto onse atauluka ndi thukuta.

Kuyambira pamenepo, dothi lozirira ndimakatenga kudambo. Kutalike bwanji, ndipita.