Kamanga Achoke Loweruka

Lolemba

Dzulo andisankha. Ine! Tcheyamani wa Bungwe la Tiikane Bwino, kuno ku Matero. Bungwe la amuna okhaokha, ana a anthu amene adachoka ku Nyasalande kudzafuna ntchito kuno. Mbale akadwala timamuzonda, akamwalira timamuika. Malemu bambo anga adali m'gulu la oliyambitsa, koma iwo adathera pabenchi. Ine ndafika pampando.

Kufakitale ndikusoka matumba ngati masiku onse, koma msana wawongoka. Kapitawo akundifunsa ngati ndameza ndodo. Nsanje!

Nthawi yopuma ndikuwerenga kabuku ka malamulo athu. Mphamvu za tcheyamani:

kuitanitsa msonkhano;
kuliza belu;
kukhazika pansi munthu wolongolola;
kubweretsa mlandu wa mbale wamwano pamaso pa abale.

Yomalizayi ndaidula mzere kunsi mpaka pepala kubooka. Kamanga!

Kamanga, dalaivala wa lole, wa ku komboni ya George. Sindilemba "a Kamanga" ayi, inki ndi yanga. Mwezi wathawu tili kumanda ku Chingwere, tikuika mbale wathu, ine ndikulankhula m'malo mwa tcheyamani amene akudwala. Mawu okonza bwino. Ndangofika kumene pa ubwana wa malemuyo, iye ali kumbuyo: "Fupikitsani, bamdala, bakufa balema!" Anthu kuseka. Pamanda! Abusa omwe kubisa nkhope m'buku la nyimbo. Mpaka lero amayi a pampopi akandiona amanong'onezana, ndipo ndimalimva ndithu liwulo. Fupikitsani.

Loweruka msonkhano. Kamanga achoke. Basi.

Mayi a Esinati, mkazi wanga, akuti: "Mwawerenga tsamba la mphamvu. Nanga masamba enawo?" Enawo ndi a ntchito za tcheyamani. Ndi ambiri. Ndidzawerenga ndikadzapeza mpata.

Lachiwiri

Poweruka, molunjika kwa bambo Nkhoma, tcheyamani wakale, kukatenga belu. Popanda belu msonkhano sutsegulidwa.

Nkhalamba ili gone pabedi. Thupi latha, koma pakamwa mpamoyo. Belu la bungwe, lamkuwa, limene bambo anga ankalipukuta ndi phulusa, lili m'manja mwawo. Akuitanira akazi awo! Ngwe ngwe, madzi. Ngwe ngwe, ntchentche yatera paphazi.

Ndikuyamba kufotokoza mwaulemu kuti katundu wa bungwe amayenda ndi mpando. Ngwe ngwe ngwe! Andilizira ine.

"Khala pansi, mwana iwe. Ndidakuona uli ndi mamina. Belu udzatenga ndikafa, ukuthamangira chiyani?"

Ndikukhala pansi. Ine, amene malamulo akuti ndikhazike anthu pansi.

Mayi Nkhoma akulowa akumwetulira: "Mwachita bwino kubwera, a tcheyamani. Kuzonda odwala ndi kwanu." Kuzonda kwake nkumeneku: kuwatembenuza, kuwameta ndevu, kuwabereka mpaka kuchimbudzi kuseri. Ndikuwabereka. Opepuka ngati thumba lopanda kanthu. Koma njira yonse akuliza belu pakhutu panga kuti anthu apatuke. Anthu ake ati? Pali nkhuku yokha!

Pobwerera ali kumsana akuti: "Ndamva ukufuna kuchotsa Kamanga. Kodi adanama?"

Ndikungowagoneka pabedi. Ulemu kwa odwala.

Ndafika kunyumba wopanda belu. Khutu likulirabe.

Lachitatu

Sindinavule n'komwe nsapato, uthenga wafika: ba Mulenga akundifuna. Ba Mulenga ndi tcheyamani wa sekishoni ya Chipani, ochokera kumigodi, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala muno dzuwa likuswa mtengo.

Sakundipatsa pokhala.

"Namvera ati ndimwe ba tcheyamani. Manje ine nine ndani?"

Ndikufotokoza kuti lathu ndi bungwe la maliro chabe, lidayamba mbendera isanasinthe.

"Dziko imodzi, Chipani chimodzi, sekishoni imodzi, tcheyamani mmodzi. Olo mufuna kuyamba chipani chanu, mukwai?"

Mukwai ndi mawu aulemu a kwawo, koma lero ulemu mulibemo. Chipani changa? Ine wosoka matumba? Ndikutulutsa khadi la Chipani. Akulitembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya dzana.

Chigamulo chawo nachi. Msonkhano wa Loweruka aulola. Koma m'sekishoni mwawo ine dzina langa ndi "mkulu wa maliro". Iwo abwera kudzamva zimene a Nyasa timakambirana. Ndipo poti ndi mlendo wolemekezeka, akhala pampando wandalema uja, umodzi womwewo umene bungwe lili nawo.

Mpando wanga! Sindinaukhalepo n'kamodzi komwe!

Ndikuthokoza. Ndikuwomba m'manja. Ndikutuluka chobwerera m'mbuyo.

Panjira lole ikudutsa, fumbi koboo. Mutu wa Kamanga ukutuluka pawindo: "Ba Tcheyaaa!" Mokuwa, pafupi penipeni ndi nyumba ya ba Mulenga. Dala! Akufuna andimangitse.

Dzina lapita. Mpando wapita. Belu lili kwa wodwala. Mlandu wokha ndiwo watsala, ndipo umenewu sandilanda.

Lachinayi

Ndikupita kumsika kwa a Phiri, mlembi wathu, telala. Ndikuwauza alembe mlandu wa Kamanga pa zokambirana za Loweruka. Akupondabe makina, osandiyang'ana.

"Kulemba ndilemba. Koma mukudziwa kuti tcheyamani savota? Pokhapokha manja akafanana."

Bodza! Ndikutsegula kabuku. Zilimo. Adalemba zimenezi ndani? A Phiri akuti bambo anga.

Chabwino. Ndiyenda khomo ndi khomo, manja ndiwapeza.

A Gondwe: "Zoona adalakwa. Koma malata awa adabwera ndi lole yake."
A Tembo: "Mwano ali nawo. Koma mayi akunyumba atatsala pang'ono kuchira panjira, adawathamangitsira kuchipatala ndani?"
A Chirwa akuseka ndisanamalize n'komwe. Akuti akakumbukira za kumanda zija nthiti zimawawa.

Anthu awiri okha ndiwo ali kumbali yanga, a Zimba ndi a Lungu. Mwatsoka ndawapeza atagwirana makolala chifukwa cha wilibala ya bungwe, wina akuti mnzake adaithyola mwendo. Kuyanjanitsa abale akuti ndi ntchito ya tcheyamani, tsamba lachitatu. Ndikuweruza mwanzeru kuti onse awiri alakwa. Tsopano onse awiri agwirizana. Agwirizana kuti ine ndine wokondera.

Kunyumba ndikudandaula kuti Matero yense wagulidwa ndi lole imodzi. Mayi a Esinati akupepesera moto pambaula: "Makala awa mukuganiza adayenda pansi?"

M'nyumba mwanga momwe! Ndikulengeza kuti chophikidwa pa makala amenewo sindidya. Akuti chabwino, akuvundikira mbale.

Ndadya. Koma chitazizira.

Lachisanu

Bambo Nkhoma amwalira m'bandakucha.

Ndikufika pakhomo, amayi ayamba kale kulira. Mayi Nkhoma akundipatsa kanthu kokulunga m'nsalu. Belu. "Adati mupatsidwe lero lomwe, musadikire." Ndikuliika m'thumba la jekete nditatsekera kalilime kake ndi mpango kuti lisalire. Belu ndalipeza tsiku limene sindingalize.

Kulira ndilibe nthawi. Aliyense: "Funsani a tcheyamani." Lero palibe akukumbukira kuti dzinalo adaletsa. Masamba aja ndawerenga tsopano, ndi miyendo:

kukapempha tchuthi kwa kapitawo, amene akufunsa ngati malemu ndi bambo anga enieni;
chikalata cha manda;
bokosi kwa kalipentala;
telegalamu kumudzi kwawo;
tenti, mabenchi, nkhuni;
ufa wa olira, ndiye kuti mzere wa kusitolo, padzuwa, pakati pa amayi ondiponda dala.

Mphamvu zinali mizere inayi. Izi zilibe mapeto!

Kuika ndi mawa. Chatsala ndi galimoto yonyamula bokosi ndi anthu. Ndikutuma a Phiri ku George. Akubwerako manja lendelende. Kamanga wamva za mlandu wake, ndipo akuti: "Ba Tcheya babwere beka."

Ndikuyesa kwina. Wa vaneti ku Lilanda, mawilo alibe. Wina dizilo alibe. Wina akuti galimoto yake sinyamula akufa, imachita mantha.

Ndikupita ku George. Wapansi.

Kamanga ali pampando pakhomo pake, akudya nzimbe. Akundipatsa kachitini kokhalira. "Kambani, ba Tcheya. Osafupikitsa."

Mulungu ndiye mboni, ndikadakhala ndi nyundo! Koma kumaso kwanga kukubwera mayi Nkhoma. Ndikulankhula. Ndikupempha m'dzina la bungwe, la malemu, la amasiye. Anansi asonkhana pampanda. Ndikati ndimalize, iye akugwedeza nzimbe kuti ndipitirize.

Pomaliza akudzuka, akunditengera kuseri. Lole ili apo, yotsukatsuka, mabenchi atamangirira kale. Kwa abwana ake adapempha m'mawa, atangomva uthenga.

"Ba Nkhoma benze batate banga naine. Nenze kufuna chabe kumvera mau yanu."

Akuti malemu anali ngati bambo ake nayenso, amangofuna kumva mawu anga. Maso ake ali psuu. Kaya nkulira, kaya nkuseka. Sindikufunsa. Ndikuthokoza mano ali gwa.

Loweruka

Tsiku la msonkhano wanga. Tsiku loti Kamanga achoke. Kamanga ali pachiwongolero, tonse tikudikira iye kuti alize injini.

Kutsogolo kuli malo a anthu awiri. Amodzi a mayi Nkhoma, nzomveka. Enawo mwa mwambo ndi a tcheyamani. Ndikutsegula chitseko, ba Mulenga alimo kale, jekete ndi zonse. "Mkulu wa maliro ayenera kunkhala pafupi na maliro."

Ndili kumbuyo, ndagwirira bokosi kuti lisasesereke. Msewu wa ku Chingwere maenje okhaokha. Pa bampu lililonse mpango ukusuntha, belu m'thumba ngwe. Amayi akusiya nyimbo, akuyang'ana bokosi. Mmodzi wafuna kudumpha.

Kumanda ba Mulenga akulankhula. Za umodzi. Za ulimi. Za adani a dziko. Malemu awatchula kamodzi, dzina lake molakwitsa. Dzuwa lili paliwombo. Ndikuyang'ana Kamanga: nanga lero bwanji? Ali chete ngati mwala, akuyang'ana nsapato zake. Kulimba mtima kwake nkwa pa ine ndekha!

Nthawi yanga. Mawu ndawakonza, masamba athunthu, kuyambira ulendo wa malemu wapansi kuchokera kwawo. Ndikutsegula pakamwa. Ndikuona dzenje, ndikukumbukira kupepuka kuja kumsana kwanga. Masamba aja ndikuwapinda. Chatuluka nchakuti: "Pitani bwino, bambo Nkhoma. Mudatiika bwino abale athu."

Basi. Misozi. Pamaso pa anthu! Wina wandigwira mkono kuti ndisagwere m'dzenje. Ndikucheuka. Kamanga.

Pobwerera aliyense akundigwira chanza. Akuti sadamvepo mawu okoma chotere. A Chirwa akuti ndipitirize momwemo. Anthu opanda manyazi!

Kusiwa, tisanabalalike, a Phiri akuti poti abale tonse tilipo, msonkhano uchitike pompano. Ba Mulenga ali pampando wandalema. Ine chilili. Ndikuliza belu, koyamba m'moyo wanga. Likulira mogonthera, mpango ndaiwala kuchotsa.

Ndisanatchule mlandu, a Tembo aimirira. Akuti malo a wachiwiri kwa tcheyamani, amene ndasiya ine, ali opanda munthu, ndipo akutchula Kamanga. A Zimba akutchula a Gondwe. Manja m'mwamba. A Phiri akuwerenga, akubwereza. Afanana.

"A tcheyamani, voti ndi yanu."

Mphamvu yanga yafika. Maso onse pa ine. Mayi Nkhoma ali pakhomo, nsalu kumutu, akundiyang'ana. A Gondwe akundipukusira mutu, akunong'ona kuti iwo safuna n'komwe. Lole ili panja, sinazizire, ndipo anthu a ku Chawama akudikira kuti iwaperekeze.

Ndikuti: "Kamanga."

Nthungululu. Andinyamula m'mwamba. Nditsitseni!

A Phiri akufunsa ngati pali nkhani ina pa zokambirana. Akudziwa bwino lomwe. Ndikuti palibe.

Lamulungu

Miyendo yatupa. Kutchalitchi ndawodzera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso.

Masana kubweza mabenchi, kupinda tenti, kufunafuna eni mapoto. Wondithandiza palibe. Akuti zotsalira za maliro nza tcheyamani.

Ndafunsa a Phiri mmene munthu amatulira pansi udindo. Akuti amauza wachiwiri wake, ndipo wachiwiriyo ndiye amatenga mpando. Ndawauza kuti ndimangofunsa.

Ndiye ndikhala. Ndidzaliza belu, iye ali kudzanja langa lamanja. Ndidzazonda odwala, ndidzaima pamizere, ndidzagwirira mabokosi. Mwano wake ndidzaumva pafupi, osatinso kuchokera kumbuyo.

Kwatsala mwambo umodzi, a Phiri andikumbutsa: wonyamula maliro amadyera kwa tcheyamani tsiku lotsatira. Mayi a Esinati apha tambala wathu. Sadandifunse.

Kamanga wabwera. Wavula chipewa pakhomo, wapereka moni kwa mayi mwaulemu wonse, ngati munthu. Wasamba m'manja m'beseni langa. Ntchafu zonse ziwiri zapita. Akusimba za ulendo wina umene bambo Nkhoma adakankha lole yake m'matope atavala suti, akutukwana m'Chitumbuka. Ndikuluma mlomo kuti ndisaseke. Sizoseketsa.

Ndikulemba izi kabuku kali pabondo, iye akuganiza kuti ndi za bungwe.

"Ba Tcheya, mchere."

Ndikumupatsira.