Tsiku Limene Ndinapulumutsa Abiti Saidi

Nkhani iyi ndimaibisa, koma popeza inafika kale mpaka kumsika wa nsomba ku Mangochi, bola muimve kwa mwiniwake.

Nditangomaliza Fomu 4 ndinapeza ntchito yotayipa ku khonsolo. Manyazi anga anali otchuka: bwana akandifunsa kanthu ndinkayankha nsapato zake. Koma zala zinali zachangu. Ndinkatha kutayipa tsamba lonse maganizo ali kwina.

Mwezi wa Okutobala anandipatsa notisi yoti nditayipe. Chimene chinandilowa m'mutu ndi mutu wake wokha: kutentha masamba m'malayini n'koletsedwa, aliyense akumbe dzenje. Masiku amenewo, a khadi la chipani m'thumba, notisi sinkafunsidwa mafunso. Ukailakwira ankati ukunyoza boma, ndipo mawu amenewo ankatha kumusowetsa munthu.

Kuseri kwa nyumba yanga kunkakhala Abiti Saidi, mayi woumba mbiya. Mayiwa ankandianulira zovala ndikachedwa kuntchito. Nditadwala malungo ankandisiyira phala pakhomo osagogoda, podziwa kuti kuthokoza kundivuta. Ine wokulira ku Limbe, mbiya ndinkangoziona zitapsa kale pamsika.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa, ndinaona utsi kuseri kwa mpanda. Kusuzumira, chimulu cha masamba a mango ndi udzu chikuyaka, eniake osaoneka. Kucheukira kumsewu, a Nyirenda a zaumoyo, oyendera malayini, akupalasa njinga molunjika komweko.

Ndinati mumtima, mayi angawa lero awatenga.

Ndinanyamula ndowa ya madzi a sopo n'kudzipanikiza pa kampata ka mpanda, chitenje n'kutsala chili lende pa bango. Khuthu! Ndinathamangira ndowa yachiwiri. Pansi pa mulu panayamba kumveka thu, thu, thu, ngati chimanga chokazinga. Ine n'kumati ndi moto ukufa.

Abiti anatuluka m'khitchini atanyamula nkhuni.

"Mwanangu, mwatani?"

"Musalankhule, mayi," ndinanong'ona. "A khonsolo. Muwauze kuti unayaka wokha."

A Nyirenda anatsamiritsa njinga pa mpanda, akumwetulira.

"Abiti, wapsa mtsuko wanga uja? Mayi akunyumba ati lero ndisabwerere chimanjamanja."

Abiti anatola ndodo n'kuyamba kufukula masamba onyowawo. Phale. Phale lina. Khosi la mtsuko lili palokha, thako lake lili uko. Ntchito ya masabata atatu yonse ili mapale, thovu la sopo lili pamwamba.

"Wachita izi ndani?" anafunsa a Nyirenda.

"Ndi lamulo, bwana," ndinauza nsapato zawo. "Notisi ija."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindapinda.

"Tawerengani ndime yachitatu, achemwali. Mokweza, amve ndi awo ali pampandawo."

Pampanda panali patadzadza kale mitu ya amayi. Ndinawerenga: "Lamuloli silikukhudza owamba nsomba ndi owotcha mbiya."

"Chabwino. Nanga timalembo tiwiri pansipa, tosonyeza amene anatayipa, n'ta ndani?"

"Tanga, bwana."

Kuseka kumene kunabuka pampanda paja, ndikhulupirira anakumva ndi asodzi pa Shire. A Nyirenda anakwera njinga akupukusa mutu, akudandaula kuti kunyumba akanena chiyani.

Ndinagwada kuti ndipepese. Abiti anandidzutsa, n'kundimangirira chitenje chawo m'chiuno, chifukwa ndinali nditaiwala kuti ndaima pagulu ndi pitikoti. Kenaka anafukulanso phulusa n'kupeza kambiya kamodzi kamene kanapulumuka, kochepa ngati kapu.

"Loweruka mubwere tidzakande dongo," anatero, akupukuta misozi ya kuseka. "Koma aka tengani. Kuyambira lero muzitungira madzi m'menemu, kuti ulendo wina mukadzafuna kundipulumutsa, mbiya zanga zidzapulumuke."

Kuchokera tsiku limenelo, chilichonse chimene ndatayipa ndimachiwerenga mpaka pansi ndisanagwire ndowa.