A Jere Okalipira Mabuku

Ku Mzimba Boma kunali mkulu wina amene ankayambana ndi mabuku. Ena amayambana ndi akazi awo, ena ndi eni ng'ombe zolowa m'munda, koma a Zondwayo Jere ankakalipira mabuku a ana a Sitandade 5 ndi 6 mpaka mitsempha kudzuka pakhosi.

Amene anazunzika nawo kwambiri ndi mayi Philomena, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, yemwe ankasunga kabati ya mabuku pa sukulu ina ya pulayimale. A Jere anali mphunzitsi wopuma, kwawo ku Edingeni. Katoni ya mabuku atsopano ikangofika, m'mawa mwake njinga yawo inkapezeka itatsamira khoma.

"Asambizgi," ankatero, kutanthauza aphunzitsi m'Chitumbuka, "ndipatseni. Mwana asadye chimene wamkulu sanalawe."

"A Jere, mabukuwa anavomerezedwa kale."

"Anavomereza ndani? Ali ndi mwana iyeyo?"

Ankakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno. Kuwerenga ankawerenga m'Chichewa, koma mkwiyo unkatuluka m'Chitumbuka. Mayi Philomena akamva kuti "Utesi, utesi chomene," ankadziwa kuti bodza lagwidwa ndipo mtendere watha. Tsiku lina mkuluyo anasuzumira pawindo masamu ali mkati.

"Wolemba uyu akuti mnyamata anagona pansi pa mtengo, ng'ombe zake zinaima pafupi ndi chimanga kumudikira. Ng'ombe zanji zaulemu chonchi? Zinabatizidwa?"

Ana anagubuduka nako kuseka, masamu n'kuthera pomwepo. Mayi Philomena anakadandaula kwa ahedi, koma ahediwo anaphunzitsidwa ndi a Jere omwewo, moti anangoyang'ana kudenga.

Buku lina linali la mtsikana amene anathyola mango osapempha, patsamba lomaliza n'kudyedwa ndi ng'ona. A Jere anapita nalo kumsika, kumaimitsa anthu ogula matimati.

"Inu amama, simunabepo mango muli mwana? Nanga ng'ona yanu ili kuti?"

Ananso sankawasiya. Mwana akati buku walikonda, ankamufunsa kuti, "Walikonda pati? Tsegula undionetse." Pang'onopang'ono ana anayamba kuwatsutsa. Mtsikana wina, Loyce, anawauza pamaso kuti sanamvetse nkhani chifukwa anakalamba. A Jere anamukalipira mpaka pageti, kenako anakauza msika wonse kuti pasukulupo pali mwana mmodzi wa mutu.

Chaka china kunabwera a Kingstone, mkulu wa chipani m'deralo, ndi anyamata awo. Anali atamva kuti m'kabati muli buku lokhala ndi chithunzi cha mtsikana wovala buluku, chinthu chimene masiku amenewo chinali mlandu. Ntchito ya mayi Philomena ikanatha, mwinanso zoposa ntchito. A Kingstone analipeza bukulo n'kuyamba kung'amba masamba. A Jere anadzuka pakhonde paja.

"Mwaliwerenga?"

"Taona chithunzi."

"Mbwenu mwaona chithunzi. Ine ndaliwerenga lonse, ndipo ndi loipa kuposa mmene mukuganizira. Mtsikanayo ndi wopepera, galu wake amaganiza kuposa iye. Koma buku amalitukwana ndi amene waliwerenga. Inu mwang'amba pamene galu akuoloka mtsinje, malo okhawo abwino."

"Analowetsa pano ndani?" anafunsa a Kingstone, maso ali pa mayi Philomena.

"Ine," ananama a Jere.

Anawatenga n'kukawatsekera. Atawatulutsa anabwera akutsimphina, jekete likulendewera m'mapewa. Mayi Philomena anapita kukawathokoza.

"Musandisokoneze, asambizgi. Kumene kuja kulibe chowerenga. Ndinangopeza chikwangwani chimodzi pakhoma, nachonso cholakwika kalembedwe. Nditawauza, anandiwonjezera zibonga."

Mwendo uja sunachirenso. Njinga inasiya kubwera, ndipo dzinja lina uthenga unafika kuchokera ku Edingeni kuti a Jere atsikira kuli chete. Mayi Philomena analira pamaliro, koma pobwerera chimene chinawagwira ndi mkwiyo. A Kingstone anali atalankhula pamanda paja, kunena kuti malemu anali munthu wofatsa.

Sukulu inakhala bata. Masamu ankatha pa nthawi yake, kumsika anthu ankagula matimati mosasokonezedwa. Loyce ndi anzake anapita kusekondale, m'kalasi munalowa ana amene a Jere sanawaonepo. Katoni yatsopano itafika, mayi Philomena anawerenga okha buku loyamba. Linali bodza kuyambira pachikuto. Anawapatsa ana dala, sabata itatha n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti aliona bwanji.

"Labwino, madamu."

"Labwino, madamu."

Mpaka benchi yomaliza, yankho linali lomwelo. Mayi Philomena anamenya bukulo patebulo, fumbi la choko kuti koboo.

"Tsegulani tsamba loyamba," anatero. "Lero palibe wopita kwawo asanandipezere bodza."