Nkhondo ya Mgolo wa ku Njube

"Mwathiramo chiyani mumgolo wanga, SaThemba?"

"Sayansi, NaThemba! Chotsani chala pamphuno panga!"

Tcherani khutu, inu mibadwo ya ku Njube, pakuti izi zinachitika m'nyengo ya mipopi youma, pamene madzi ankabwera mwa apo ndi apo ngati chibwenzi chamanyazi, ndipo khanda Sibusiso, Mwini Misozi, linkapinda timiyendo n'kulira ndi mpweya m'mimba mpaka agalu a ku Luveve kuvomera.

Uku kunaima agogo ake aamuna, a Jameson, SaThemba, ndiko kuti bambo a Themba, Njovu ya ku Belmont, Owomba Mabulangete fakitale isanatseke. Iwowa anagula m'tauni kabotolo ka timibulu toyera, atauzidwa kuti mankhwala amenewa akasungunuka m'madzi ambiri m'pamene amakula ukali. Tsono ngwaziyo, posafuna ukali wapang'ono, inaponya kam'bulu kamodzi mumgolo wotsiriza wa pakhomopo.

Uko kunaima akazi awo, a Dorah, NaThemba, mayi a Themba, Namondwe wa Pamjigo, amene ndowa yawo sinapitiriridwepo pamzere.

Pakati pawo panali Tikondwe, mpongozi wawo, mwana paphewa, zikope zolemera ngati njerwa. Mwamuna wake Themba anali ku Joni, ndipo ankakumana naye kumaloto kokha. Koma ukalota bwanji osagona?

"Ndinalimbana ndi akazi a mizere yonse chifukwa cha madzi amenewa!" anabangula a Dorah, akubisa kabotolo m'kamisolo. "Lero ndiphikire mankhwala?"

"Mdzukulu wanga amwe chikho chimodzi, dziko lipume!"

"Anesi anati bere lokha," anatero Tikondwe, koma mawu ake anagwa ngati nthenga pakati pa mizinga.

"Hayi bo! Kam'bulu ka shuga kachiritse mwana?"

"Umbuli, mayi! Mankhwalawa amayamba adzutsidwa. Umawamenya pachikhatho, chonchi!"

A Jameson anafunafuna kabotolo, osakapeza. Pofuna chosonyezera, anatsomphola mdzukulu, kumuika paphewa, n'kuyamba kumusisita ndi kumuomba pamsana: pha, pha, pha.

Ndipo Sibusiso anageya.

Ha, kugeya kwake! Malata ananjenjemera, kondakitala wa kombi pamsewu anaiwala kumene akupita, ndipo Mwini Misozi anatsamira khosi la agogo ake, ziii.

"Mwaona? Fungo lokha la mgolo!" ananong'ona a Jameson.

"Waopa mawu anga," ananong'ona a Dorah.

Pangano la mtendere linamangidwa ndi tiyi wa madzi a mumgolo womwewo. Adani akalewo anamwa mwaulemu, akuyang'anana, kudikira kuti ageye ndani. Anageya a Dorah. Nkhaniyo sinatchulidwenso.

"Makoti," anatero a Jameson kwa mpongozi wawo, chifuwa chili patsogolo, "weruza ndiwe. Wapambana ndani? Nena chimene ukufuna, tikuchitira."

Tikondwe anali atafika kale pakhomo la kuchipinda.

"Ine chiyambire ndimangofuna wina andigwirireko mwanayo. Musamutsitse, Ababa. Ndikukagona."