Chikho cha Maulendo Atatu, ndi galu wanga amene sanauzidwebe

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Kampani ya Bwalo la Agalu la Kilbrannock.

Bwana wanga,

Ndine Fergal Mulqueen, uja mumamutcha "aujeni" tikakumana pakhomo la tchalitchi. Sindikudandaula ayi. Munthu wa maudindo ngati inu sangasunge m'mutu dzina la aliyense amene wabweretsa agalu pabwalo lanu kwa zaka makumi atatu zokha. Ndalemba kuti ndikuthokozeni pothetsa mpikisano wa Chikho cha Maulendo Atatu. Ndadzera m'nyuzipepala chifukwa makalata anga anayi aja mukuwasunga mosamala kwambiri, moti mukuopa kung'amba maenvulopu ake.

Poti inu munakulira m'bizinesi ya makapeti, ndiloleni ndikukumbutseni kumene mpikisanowu unachokera. Anauyambitsa ndi malemu Cornelius Hession, wogulitsa nyama, mu 1958. Mkuluyu anali ndi galu amene ankatuluka m'bokosi loyambira ngati munthu wamatsire, anzake atapita kalekale, koma kutopa sankakudziwa. Pa mipikisano wamba yozungulira bwalo kamodzi, galuyo ankafika anthu akuvala majekete kuti azipita kwawo. Hession anati galu alibe vuto, wafupika ndi mpikisano. Anagula chikho chasiliva chachikulu ngati ndowa, nalamula kuti agalu azizungulira bwalo katatu. Anaikanso lamulo limodzi: galu amene adzapambane zaka zitatu zotsatizana adzatenge chikhocho chikhale chake mpaka kalekale. Galu wa Hession anamaliza wachisanu, koma lamulo linatsala.

Kuyambira pamenepo palibe galu amene anakwanitsa. Galu wa mtunda wautali amakhwima ali ndi zaka zitatu, ndipo akamadutsa zisanu miyendo imayamba kukana, ndiye mutha kuona kuchepa kwa mpata wake. Komabe mpikisano sunadumphe chaka. Mu 1974 injini yokoka kalulu wansanza uja agalu amathamangitsa inafa tsiku lomwelo, ndipo Bambo Tierney, wansembe wathu, anakwinya mkanjo m'chiuno, nakhala pa njinga yotembenuzidwa n'kupalasa ndi manja kukulunga chingwe mpaka agalu anamaliza. Lamulungu lotsatira analephera kukweza manja pa Misa, tinadalitsidwa ndi mutu. Mu 1991 mvula inadzaza bwalo, agalu anafika onse ali mtundu umodzi wa matope, ndipo wopambana tinamudziwa titawasambitsa. Pa zonsezi palibe amene anaganiza zothetsa mpikisano. Panafunika munthu wanzeru zakuya ngati inu.

Galu wanga wamkazi, Tiyi Wozizira, anapambana zaka ziwiri zapitazi motsatizana. Kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti athamange kachitatu, munapachika chikalata chothetsa mpikisanowo pageti. Ndiye zothokoza zanga ndi izi.

1. Zikomo potifotokozera kuti anthu amasiku ano alibe mtima wodikira mpikisano wotenga mphindi imodzi ndi masekondi khumi. Nzoona, bwana, ndi nthawi yaitali zedi. Anthu omwewo anakhala mphindi makumi anayi akumvetsera zolankhula zanu potsegulira malo oimika magalimoto, koma mwina n'chifukwa choti tsiku lija munatseka geti.

2. Zikomo ponena kuti mtunda wautali umatopetsa agalu. Chifundo chanu chinandigwetsa misozi. Ndikungosirira mmene chinagonera tulo zaka khumi ndi ziwiri zimene mwakhala pampando, n'kudzidzimuka galu wanga atangopambana kachiwiri.

3. Zikomo posamalira chikho. Mkazi wanga Assumpta atabwera ku ofesi yanu kudzasiya kalata yachitatu, anachipeza kuseri kwa chitseko, muli maambulera anayi ndi ndodo ya gofu. Atafika kunyumba anati, "Fergal, ndiye kuti galu wakoyu wakhala akudzipha chifukwa cha chidebe cha maambulera? Ukananena, ndikanamupatsa ndowa yanga yokolopera, tonse tikanapuma." Amalankhula choncho, koma ndi yemweyo amene anakonzeratu malo a chikhocho pashelefu ya pabalaza, mpaka kuchotsapo chithunzi cha amayi ake. Apongozi anga ali m'kabati mpaka lero, ndipo pa ichi chokha ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima. Mukadzapeza mpata muchotsemo maambulerawo, muchitembenuze. Lamulo la Hession linalembedwa kunsi kwake.

4. Zikomo chifukwa cha mpikisano watsopano umene mwaika m'malo mwake, wa masekondi khumi ndi asanu ndi awiri, wotchedwa dzina la sitolo yanu ya makapeti. Ndinabwera kudzaonera. Tsoka ilo ndinayetsemula, ndiye ndinangomva kwa anzanga kuti unali wokoma.

Tsono bwana, ndinene za kumtima. Tiyi Wozizira akwanitsa zaka zisanu mu Okutobala. Kukamwa kwayamba imvi, ndipo m'mawa kukazizira amadzuka mwendo wakumbuyo uli gwa. Chaka chino ndi chake chomaliza, chamawa sadzatha. Ine ndikumuyendetsabe makilomita asanu tsiku lililonse mvula ili pamsana, ndikumupatsabe buledi wowotcha ndi nsomba zam'chitini, ndikumusisitabe miyendo ndi mafuta. Kumowa anzanga sandipatsa mpata. Malachy Culhane, amene amayendetsa kalulu wansanza pabwalo lanu, anandifunsa pagulu kuti, "Iwe Fergal, mkwatibwi ukumuphodayu wamuuza kuti ukwati unatha?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma zinandiwawa, bwana, chifukwa sindinamuuze.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Mutitsegulire geti masana a tsiku lililonse limene mungasankhe Seputembala asanathe. Magetsi musayatse. Eni agalu asanu avomera kubweretsa agalu awo, ndipo onse alumbira kuti sadzatimvera chisoni. Malachy yemweyo wati abwera pa tsiku lake lopuma. Inu simukuyenera kudikira mphindi yonseyo, mutha kukhala m'galimoto, tidzakuuzani zotsatira. Galu wanga akagonja, chikho n'chanu, muikemo ngakhale nsapato, sindidzalembanso kalata. Sindikupempha kuti mumupatse. Ndikupempha kuti athamange.

Ngati zimenezi n'zolemera kwa kampani yaikulu ngati yanu, ndimvetsa. Pamenepo ndikupemphani kanthu kena kosafuna msonkhano wa komiti. Mubwere kunyumba kwathu Lachisanu nthawi ya 5 koloko madzulo. Ndi nthawi imene tinkanyamukira kupita kubwalo, ndipo mpaka pano ikakwana galuyu amakaima yekha pachitseko cha galimoto, mchira ukugwedera, n'kumandiyang'ana. Mudzagwade pamenepo, mumuyang'ane m'maso, mumufotokozere bwinobwino za anthu amasiku ano ndi kusowa kwawo mtima wodikira. Ine ndayesa kawiri, ndalephera. Inu kulankhula ndi mphatso yanu.

Chonde pobwera musadzavale chipewa chanu chaubweya wotuwa ngati kalulu chija, ndipo zivute zitani musadzathamange.

Ndine wanu wotsikitsitsa, wosayenera n'komwe kuyankhidwa,

Fergal Mulqueen,
Msewu wa Chigayo, Kilbrannock.